Mmene mungawerengere lipoti la melanoma: zimene maselo a chitetezo amanena za tsogolo la wodwala

Odwala awiri akhoza kubwera ndi melanoma, khansa ya pakhungu, yofanana kukula, yonse ya pachidendene, n'kuchitidwa opaleshoni yofanana. Patapita zaka zisanu mmodzi akulima bwinobwino, pamene winayo matenda anamufikira m'mapapo chaka chachiwiri chisanathe. Mbali ina ya kusiyanaku imachokera ku mmene chitetezo cha m'thupi chinalimbanirana ndi chotupacho, ndipo mapazi a nkhondoyo amaoneka pa kachidutswa ka mnofu kamene kapita ku labotale. Malangizowa ndi a madokotala, makiliniko ofesa, anamwino ndi ophunzira zachipatala amene amalandira lipoti n'kusowa chochita ndi mzere wolembedwa kuti TILs, wonena za maselo a chitetezo amene alowa m'kati mwa chotupa. Achibale a wodwala amene agwira lipotilo m'manja apezamonso mafunso oyenera kufunsa.

Mzere umenewu uli ndi tanthauzo lenileni, koma suposa kukhuthala kwa chotupa, chilonda cha pamwamba pake ndi anabere. Woutenga pawokha amasokera.

Chifukwa chake chitetezo chimaiona melanoma

Melanoma imayambira m'maselo opanga mtundu wa khungu, otchedwa ma melanocyte. Asilikali a m'thupi amene amaisaka kwambiri ndi maselo a T a mtundu wa CD8. Pafupifupi selo lililonse m'thupi limaika pamwamba pake tizidutswa ta mapuloteni amene likupanga, ndipo selo la T likapeza kachidutswa kachilendo limapha selo lonselo. Melanoma imadziulula m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mapuloteni a ntchito yopanga mtundu, monga Melan-A, gp100 ndi tyrosinase. Yachiwiri ndi mapuloteni olakwika amene amabwera majini akawonongeka ndi dzuwa. Melanoma ya pakhungu lopsa ndi dzuwa ili m'gulu la khansa zokhala ndi zolakwika zambiri kuposa zina zonse, n'chifukwa chake chitetezo chimakhala ndi zambiri zoti chigwire.

Umboni woti nkhondoyi ndi yeniyeni ulipo wambiri. Anthu amene anaikidwa impso ya munthu wina ndipo akumwa mankhwala ochepetsa chitetezo amadwala melanoma kawirikawiri kuposa ena, ndipo ikakhala yokhuthala imawapha msanga. Mu 2003 madokotala a ku Scotland analemba za odwala awiri amene anapezeka ndi melanoma atalandira impso za mayi amene anachotsedwa melanoma zaka 16 asanamwalire. Maselo a khansa anakhala chete m'thupi la mayiyo zaka zonsezo, n'kudzuka atalowa m'matupi opanda chitetezo chokwanira. Palinso odwala pafupifupi atatu pa 100 aliwonse amene amapezeka ndi melanoma m'anabere kapena m'ziwalo zam'kati koma pakhungu osaoneka pamene inayambira. Akatswiri amaganiza kuti mwa ambiri a iwo chitetezo chinafafaniza chotupa choyambacho, ndipo kafukufuku amasonyeza kuti amakhalako nthawi yaitali poyerekeza ndi anzawo a siteji yomweyo.

Chotupa nachonso chimazemba. Maselo a T akachiukira amatulutsa interferon gamma, ndipo maselo a khansa amayankha poika pamwamba pawo puloteni ya PD-L1, imene ikakhudza PD-1 ya pa selo la T imaliuza kuti lileke. Maselo ena a khansa amasiya n'komwe kuonetsa tizidutswa tija, ena amaitana maselo a T amtundu wina amene ntchito yawo ndi kuziziritsa anzawo. Choncho kupezeka kwa ma lymphocyte, gulu la maselo a chitetezo limene maselo a T alimo, m'chotupa kumasonyeza kuti thupi lachizindikira. Sikusonyeza kuti lapambana.

Melanoma ya kwathu ndi ina

Manambala ambiri amene muwerenge m'munsimu anachokera kwa azungu a ku Australia, Italy ndi America, amene melanoma yawo imamera pamsana, pankhope ndi pamiyendo. Mwa anthu akhungu lakuda, kuno ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, melanoma imakonda kunsi kwa phazi, chidendene, pakati pa zala ndi pansi pa chikhadabo. Imeneyi ndi acral melanoma. Siyamba ndi dzuwa, ili ndi majini olakwika ochepa, ma lymphocyte amalowamo ochepa, ndipo imamva mankhwala odzutsa chitetezo mocheperapo. Kuwonjezera apo odwala amafika mochedwa, chotupa chitakhuthala kale kupyola mamilimita 4 ndiponso chitaphulika. Manambala a kunja atengeni ngati osonyeza kumene zinthu zimalowera, osati ngati lonjezo kwa wodwala amene ali patsogolo panu.

Anthu achialubino ali ndi nkhani yawo. Khansa ya pakhungu imene imawavutitsa kwambiri ndi squamous cell ndi basal cell, ndipo melanoma imapezeka mwa apo ndi apo, nthawi zambiri yopanda mtundu wakuda.

Musanadule: funsani, ndipo lembani

Banga lakuda kapena chilonda cha kuphazi chimene chikukula, kusintha mtundu, kutuluka magazi kapena kukana kupola pakatha miyezi iwiri ya chithandizo chimafunika biopsy, kutanthauza kudulako mnofu wokayeza ku labotale. Pa chikhadabo, kaikirani mzere wakuda umene ukukula m'lifupi kapena umene mtundu wake wadutsa chikhadabo n'kufika pakhungu la m'mbali. Khansa ya Kaposi sarcoma imakondanso phazi ndipo ndi yofala kwambiri kuno, moti n'kosavuta kutchula chotupa chilichonse chakuda cha kuphazi kuti Kaposi, makamaka wodwala akakhala ndi HIV. Maso sangasiyanitse nthawi zonse. Njerewere, chilonda cha shuga ndi magazi oundana pansi pa chikhadabo zimanyenganso.

Pa fomu ya ku labotale lembani zinthu zimene zimasokoneza kawerengedwe ka maselo a chitetezo. Kodi chotupacho chinatemedwapo mphini, kupakidwa mankhwala azitsamba, kuwotchedwa kapena kudulidwapo kale? Kodi chili ndi mafinya? Zonsezi zimabweretsa maselo otupitsa amene sanabwere chifukwa cha khansa. Lembaninso za HIV, CD4 ndi viral load yomaliza, ngati wodwala ali pa ma ARV, ngati akumwa prednisolone kapena mankhwala ena ochepetsa chitetezo, malo enieni a chotupa, kukula kwake m'mamilimita ndi nthawi imene chakhalapo. Fomu yongolembedwa kuti chotupa cha kuphazi imamanga manja dokotala wopima minofu.

Kadulidwe ka biopsy

Apa ndi pamene zambiri zimawonongekera. Kukhuthala kwa chotupa ndi ma TIL zonse zimawerengedwa pa tsinde la chotupa, kunsi kwake. Mukadula pamwamba pokha, zonse ziwiri zatayika ndipo palibe wozibweza.

Chotupa chikakhala chaching'ono, chichotseni chonse ndi malire a milimita 1 mpaka 3 a khungu looneka labwino, n'kuzama mpaka pa mafuta a pansi pa khungu. Pa mwendo kapena pa mkono dulani motsata utali wa chiwalo, kuti opaleshoni yachiwiri idzatsekeke mosavuta. Musachotse ndi malire aakulu pa ulendo woyamba, chifukwa simunadziwe kukhuthala kwake, ndiponso kudula kwambiri kumasokoneza njira za madzi opita ku anabere.

Chikakhala chachikulu, monga zimakhalira zambiri za kuphazi, tengani kachidutswa pa malo okwera kwambiri kapena akuda kwambiri, kozama mpaka pa mafuta. Khungu la kunsi kwa phazi ndi lokhuthala, makamaka kwa anthu oyenda opanda nsapato, ndipo punch, kachipangizo kozungulira kobowolera khungu, ya mamilimita 4 ikhoza kuthera m'chikakala osafika pa chotupa. Palani chikakalacho pang'ono kaye kapena dulani ndi mpeni kachidutswa kooneka ngati bwato. Pewani pakati pa chilonda pamene mnofu wafa. Pa chikhadabo kachidutswa kachokere pa tsinde pamene chikhadabo chimamera, popeza m'pamene mzere wakuda umayambira.

Musafinye kachidutswako ndi chopanira. Ma lymphocyte ndi maselo osalimba, amaphwanyika n'kusanduka mizere ya buluu imene sangaiwerenge. Musagwiritse ntchito makina owotchera mnofu kachidutswa kasanachoke. Ikani ulusi mbali imodzi n'kulemba pa fomu kuti ulusiwo ukuloza kuti.

Kachidutswa kalowe mu fomalini wa 10 peresenti nthawi yomweyo. Ngati muli ndi fomalini wamphamvu wa 37 mpaka 40 peresenti, sakanizani gawo limodzi ndi magawo 9 a madzi, makamaka okhala ndi buffer. Fomalini wosakanizidwayo achuluke kakhumi kuposa mnofu, m'botolo la kukamwa kwakukulu, popeza mnofu ukauma sutuluka pa kamwa kakang'ono. Saline ndi spiriti si zolowa m'malo mwa fomalini. Mu saline mnofu umawola, ndipo pofika ku labotale ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Blantyre umakhala wosawerengeka. Ngati pakufunika kuyeza ndi immunohistochemistry, njira yoonetsa mapuloteni a m'maselo ndi utoto wapadera, zotsatira zimakhala bwino mnofu ukakhala mu fomalini pakati pa maola 6 ndi 72, choncho musasunge mabotolo milungu podikira kuti achuluke.

Werengani lipoti m'ndondomeko iyi

Yambani ndi kukhuthala kwa Breslow, muyeso umene Alexander Breslow anaufalitsa mu 1970. Amayeza kuyambira pa granular layer ya khungu, kapena pansi pa chilonda ngati chilipo, kufika pa selo la khansa lozama kwambiri. Malinga ndi ndondomeko yachisanu ndi chitatu ya AJCC, bungwe la ku America lokonza masiteji a khansa, T1 ndi milimita 1.0 kapena kucheperapo, T2 ndi kupyola 1.0 kufika 2.0, T3 ndi kupyola 2.0 kufika 4.0, ndipo T4 ndi kupyola 4.0. Lipoti likanena kuti chotupa chafika pa malire a pansi, nambala imene mwapatsidwa ndi yochepetsetsa chabe. Chenicheni n'chokhuthala kuposa pamenepo.

Kenako onani ulceration, kutanthauza kuti khungu la pamwamba pa chotupa lachoka. Likachoka, chilembo b chimawonjezedwa, ndipo tsogolo limaipa pa kukhuthala kulikonse. Kenako anabere, ndi timadontho ta khansa tozungulira chotupa kapena ta m'njira yopita ku anabere. Zitatuzi ndizo zimapanga siteji pamene matenda sanafike kutali. Pa odwala amene AJCC inawerenga, osafa ndi melanoma pakatha zaka zisanu anali 99 pa 100 pa siteji IA, 94 pa IIA, 82 pa IIC, 93 pa IIIA, 69 pa IIIC ndi 32 pa IIID. Taonani kuti IIC ndi yoipa kuposa IIIA. Chotupa chokhuthala chophulika chopanda anabere n'choopsa kuposa chopyapyala chimene chatumiza maselo ochepa ku mwanabere mmodzi.

Chiwerengero cha maselo ogawikana pa sikweya milimita, kulowa kwa khansa m'mitsempha ndi malire zimabwera pambuyo pake. Mukatha zonsezi m'pamene mufike pa ma TIL.

Mzere wa ma TIL

TIL ndi ma lymphocyte amene alowa m'kati mwa chotupa. Njira yowawerengera imene ma labotale ambiri amatsata inachokera kwa Wallace Clark ndi anzake ku Philadelphia mu 1989, ndipo ili ndi magulu atatu amene mudzawapeza m'Chingelezi pa lipoti. Absent ndi pamene kulibe ma lymphocyte, kapena alipo koma sakukhudza maselo a khansa. Non-brisk ndi pamene alowa malo amodzi kapena angapo. Brisk ndi pamene adzaza tsinde lonse la chotupa kapena afalikira m'chotupa chonse.

Mfundo yofunika ndi kukhudza. Ma lymphocyte amene aunjikana mozungulira mitsempha ya magazi, kapena apanga mzere kunja kwa chotupa osalowa pakati pa maselo ake, sawerengedwa ngakhale atachuluka motani. Anthu oima m'mbali mwa munda makasu ali paphewa sanalime. N'chifukwa chake lipoti likhoza kunena kuti pali kutupa kwambiri koma n'kulemba kuti TILs absent, ndipo palibe kutsutsana.

Kusiyana kwa magulu atatuwa n'kooneka. Clemente ndi anzake ku Italy mu 1996 anatsata odwala 285: amoyo pakatha zaka zisanu anali 77 pa 100 mwa a brisk, 53 mwa a non-brisk ndi 37 mwa a absent. Ku Melanoma Institute Australia amagwiritsa ntchito magiredi anayi, 0 mpaka 3, ndipo mu 2012 anafalitsa zotsatira za odwala 1,865. Mwanabere woyamba kulandira madzi a pachotupa anapezeka ndi khansa mwa 27.8 peresenti ya odwala a giredi 0, koma mwa 5.6 peresenti yokha ya a giredi 3. Magiredi apakati anali pafupi kwambiri, 20.1 ndi 18.3. Izi zikusonyeza kuti phindu lalikulu lili kumapeto kwenikweni, pa brisk kapena giredi 3, ndipo odwala otere ndi ochepa. Odwala ambiri amagwera pa non-brisk, gulu lalikulu losakanikirana limene silinena zambiri za munthu mmodzi.

Ngakhale zili choncho, ma TIL sanalowe mu siteji ya AJCC, ndipo pali zifukwa. Madokotala awiri opima minofu amagwirizana bwino pa brisk yoonekeratu ndi absent yoonekeratu, koma pakati amasiyana. Kafukufuku wina anapeza kuti mukadziwa kale za anabere, ma TIL sawonjezera zambiri. Komanso maikulosikopu wamba sasiyanitsa selo la CD8 lakupha ndi selo la T loziziritsa, onse amaoneka timadontho ta buluu.

Misampha yake ndi iyi. Magulu a Clark anapangidwira chotupa chimene chayamba kukula cholowa pansi. Melanoma yopyapyala imene ikungoyanga m'mbali nthawi zambiri imakhala ndi mzere wa ma lymphocyte pansi pake, ndipo umenewo ulibe tanthauzo lomwelo. Pansi pa chilonda pamadzaza ma neutrophil ndi ma plasma cell obwera chifukwa cha mabakiteriya, ndipo si ma TIL. Mnofu wochotsedwa pa opaleshoni yachiwiri umakhala ndi kutupa kwa chipsera cha biopsy yoyamba, choncho khulupirirani lipoti loyamba. Punch imodzi yotengedwa pa chotupa cha masentimita 5 singasonyeze brisk, chifukwa brisk imafuna kuona tsinde lonse. Pa chotupa chakuda bii mtundu umaphimba maselo, ndipo labotale ingafunike kuuchotsa kaye kapena kuyeza CD3 ndi CD8 kumene zilipo. Lipoti likapanda kutchula ma TIL, musaganize kuti kulibe. Imbani foni mufunse, silaidi idakalipo.

Mawu ena amene amasokoneza ndi regression. Awa amatanthauza malo amene khansa inalipo koma yafafanizika, n'kutsala chipsera, timitsempha tatsopano ndi maselo odya mtundu wakuda. Pakhungu amaoneka ngati malo otuwa kapena oyera m'kati mwa banga. Kale ankaopa kuti regression imabisa kukhuthala kwenikweni kwa chotupa, koma kafukufuku wambiri wa posachedwa sanapeze kuti imaipitsa tsogolo, ndipo wina anapeza kuti odwala otere amakhala ndi khansa m'anabere mocheperapo. Pochotsa chotupa, malo a regression muwawerenge ngati mbali ya chotupa poyeza malire.

Yang'anani wodwalayo, osati silaidi yokha

Vulani wodwala mumuone khungu lonse. Mawanga oyera ngati a vitiligo amene atuluka munthu wamkulu atadwala melanoma amasonyeza kuti chitetezo chikuukira maselo opanga mtundu, abwino ndi oipa omwe. Pakhungu lakuda amaoneka msanga, ndipo mwa odwala amene akulandira mankhwala odzutsa chitetezo amayendera limodzi ndi zotsatira zabwino. Gwirani anabere: m'mphechepeche ndi kuseri kwa bondo pa chotupa cha kuphazi, m'khwapa ndi pa chigongono pa chotupa cha kudzanja. Anthu oyenda opanda nsapato ndiponso amene ali ndi chilonda cha mafinya amatupa anabere kawirikawiri, choncho mwanabere wotupa si umboni. Wolimba, wosapweteka, wopyola sentimita imodzi kapena wosabwerera chilonda chitayera amafuna ultrasound ndi kutengako maselo ndi singano.

Wodwala melanoma aliyense ayezedwe HIV. Amene ali ndi HIV matenda awo amayenda mofulumira, ndipo kuyamba ma ARV kapena kukonza viral load imene yakwera ndi chithandizo cha chitetezo chimene chipatala chilichonse kuno chingapereke lero. Ngati wodwala akumwa prednisolone popanda chifukwa chomveka, monga wogula yekha wa kupweteka kwa mafupa, mutsitseni pang'onopang'ono mpaka asiye.

Full blood count wamba ili ndi uthenga. Gawani chiwerengero cha ma neutrophil ndi cha ma lymphocyte. Ma neutrophil 7.5 ndi ma lymphocyte 1.2 zimapereka 6.25. Mwa odwala a melanoma yofalikira, nambala ya 5 kapena kuposa imayendera limodzi ndi moyo waufupi komanso kusamva mankhwala. Koma chilonda cha mafinya, chibayo ndi ma steroid zimaikweza, choncho bwerezani matenda enawo akatha. LDH, puloteni yoyezedwa m'magazi, ikakhala yokwera pa siteji IV ndi chizindikiro choipa ndipo imalowa mu siteji ya AJCC. Malungo amaikwezanso, monganso magazi amene aswekera m'chubu potengedwa movutikira.

Za mankhwala a m'mabotolo ogulitsidwa kuti amakweza chitetezo, palibe umboni woti amalowetsa maselo a T m'chotupa. Ndalama imeneyo igwire ntchito ya thiransipoti yopita ku opaleshoni.

Zimene ma TIL sasintha

Malire a opaleshoni yachiwiri amatsata kukhuthala kokha. Melanoma imene sinapyole khungu la pamwamba imachotsedwa ndi theka la sentimita mpaka sentimita imodzi. Ya milimita 1 kapena kucheperapo, sentimita imodzi. Ya pakati pa milimita 1 ndi 2, sentimita imodzi mpaka awiri. Yopyola mamilimita 2, masentimita awiri. Kunsi kwa phazi bala lotere silitsekeka lokha ndipo limafuna kuikapo khungu lotengedwa pena. Ya pansi pa chikhadabo imene yalowa pansi nthawi zambiri imafuna kudula nsonga ya chala kapena chala chonse. Brisk si chifukwa chochepetsera malire, ndipo absent si chifukwa chodulira phazi lonse.

Kumene kuli zipangizo zoyezera mwanabere woyamba, amakambirana ndi wodwala kuyambira pa mamilimita 0.8 kapena chotupa chikakhala ndi chilonda, ndipo amalimbikitsa kuyeza kukhuthala kukapyola milimita 1. Ma TIL angathandize pa zotupa za pamalire, koma sachotsa kufunika kwa kuyezako. Kumene zipangizo kulibe, tsatani anabere ndi manja ndi ultrasound.

Chimene ma TIL amasintha ndi kalankhulidwe kanu ndi tcheru chanu. Wodwala wa T3 wa absent muzimuona pafupipafupi ndipo musazengereze kutumiza ku ultrasound. Wa brisk mungamuuze kuti thupi lake laonetsa kulimbana, ndipo zimenezo ndi zabwino, koma masiku obwera kuchipatala ndi omwewo. Matenda akabwerera, nthawi zambiri amatero m'zaka zitatu zoyamba, choncho pa siteji II ndi III muzimuona miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse pa nthawi imeneyo, kenako motalikitsa mpaka zaka zisanu. Muphunzitseni kugwira chipsera, njira ya m'mwendo ndi mphechepeche mwezi uliwonse.

Mankhwala odzutsa chitetezo

Kale melanoma yofalikira inkapatsidwa dacarbazine, ndipo theka la odwala linkamwalira pasanathe miyezi 9. Ipilimumab, imene imatseka CTLA-4, puloteni ina yoletsa selo la T, inavomerezedwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab, zotseka PD-1, mu 2014. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imene inatsegula njirayi. Mankhwalawa sapha khansa okha. Amachotsa lamulo loletsa selo la T, choncho amagwira bwino pamene maselo a CD8 analipo kale m'chotupa kapena m'mphepete mwake.

Pa kafukufuku wa CheckMate 067, amoyo pakatha zaka khumi anali 43 pa 100 mwa olandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab, 37 mwa olandira nivolumab yekha ndi 19 mwa olandira ipilimumab yekha. Kafukufuku wa SWOG S1801 anaonetsanso kuti nthawi yoyambira ili ndi ntchito. Odwala amene anayamba pembrolizumab chotupa chisanachotsedwe, 72 pa 100 anali opanda vuto pakatha zaka ziwiri, poyerekeza ndi 49 mwa amene anayamba atachitidwa opaleshoni. Chotupa chikadalipo, maselo a T amakhala ndi zambiri zoti azindikire. Mu 2024 ku America anavomerezanso lifileucel, njira yochotsa ma TIL m'chotupa, kuwachulukitsa mu labotale n'kuwabwezera m'thupi, imene Steven Rosenberg anaiyesa koyamba m'ma 1980.

Bungwe la WHO linaika nivolumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2019, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri ndipo odwala ambiri a kuno amene amalandira mankhwalawa amakawapeza ku South Africa, ku India kapena m'zipatala zolipira. Banja lisanagulitse munda liyenera kumva zoona zake: pa acral melanoma odwala amene zotupa zawo zimaphwa ndi ochepa kuposa a m'kafukufuku uja. Musadalire ma TIL kapena PD-L1 posankha wopatsidwa mankhwala, popeza zotupa zina zopanda PD-L1 zimamvanso. Anthu amene ali ndi HIV, ali pa ma ARV ndipo CD4 yawo ndi yopyola 100 alandirapo mankhwalawa m'kafukufuku popanda mavuto oposa a ena.

Pembrolizumab amaperekedwa mamiligalamu 200 milungu itatu iliyonse kapena 400 milungu isanu ndi umodzi iliyonse. Nivolumab ndi 240 milungu iwiri iliyonse kapena 480 milungu inayi iliyonse. Musanayambe yezani TB, hepatitis B, chiwindi, impso, shuga ndi chithokomiro.

Wodwala wotere akabwerera kumudzi, ndi chipatala cha pafupi chimene chimakumana ndi mavuto ake. Chitetezo chodzutsidwa chimaukira matumbo, chiwindi, mapapo, khungu ndi tiziwalo topanga mahomoni. Pa mankhwala awiri ophatikiza, odwala oposa theka amadwala mwamphamvu, pamene pa mankhwala otseka PD-1 okha ndi pafupifupi mmodzi pa asanu. Kutsegula m'mimba kopyola kanayi pa tsiku kuposa masiku onse, kapena kwa magazi, kukhoza kukhala kutupa kwa matumbo. Yezani chimbudzi, koma musangopereka maantibayotiki n'kumubweza. Imitsani mankhwalawo, lankhulani ndi dokotala wa khansa, ndipo vuto likakhala lalikulu amapereka prednisolone wa miligalamu 1 mpaka 2 pa kilogalamu, n'kumatsitsa kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Kutsitsa mofulumira kumabweza matendawo. Chifuwa chatsopano ndi befu zimafuna X-ray ndi kuyeza TB nthawi imodzi, chifukwa kutupa kwa mapapo ndi TB zimafanana, ndipo ma steroid operekedwa kwa munthu wa TB yosachizidwa amaikulitsa. Wodwala wofooka kwambiri, wosanza, wa BP yotsika ndi sodium yotsika akhoza kukhala kuti thupi lake lasiya kupanga cortisol. Ameneyo apatsidwe hydrocortisone wa mamiligalamu 100 mumtsempha ndi dripu nthawi yomweyo, osadikira zotsatira za magazi.

Mavutowa amatha kuyamba patapita miyezi mankhwala atasiyidwa. Lembani dzina la mankhwala ndi tsiku la dozi yomaliza pa tsamba loyamba la buku la kuchipatala la wodwala, ndipo muuzeni iye ndi womudwazika kuti azionetsa tsambalo kulikonse kumene apita, ngakhale atangopita kukayezetsa malungo.